Chinsalu Chachifupi

Lachisanu madzulo ku Mabvuku,
kuseri kwa holo, pomwe masana amamatapo matayala,
Tarisai ndi anzake amangirira chinsalu choyera
uku ku jakaranda, uku ku mtengo wa magetsi
womwe sunalawe magetsi chiyambire Lolemba.
Jenereta ikutsokomola. Fumbi la simenti likukukutika m'mano.
Aliyense wanyamula pokhala pake:
kreti, ndowa yovundikira, njerwa ziwiri.

Sabata yatha tinali ku Peru,
tinakwera mapiri mpaka mpweya kutithera tili chikhalire.
Inayo tinali ku Senegal,
ana n'kumakuwa kuti woyendetsa basi uja
ndi amalume awo a ku Epworth.
Lero dziko lake n'lozizira, lopanda mtengo ndi umodzi womwe,
udzu wokhawokha, ndi akavalo aubweya ngati mabulangete.

Ntchito yanga ndi ya pakamwa.
Ndimakhala pa benchi ya kumanzere, ya madala athu,
aja anatsika sitima kuno kukadali Sozibele,
anaphika, anatchetcha kapinga, anapaka nsapato za eni ake
mpaka maso analeka kuthamanga ndi zilembo.
Ndimawerenga Chingelezi cha pansi pa chithunzi
n'kuwabwezera m'chathu, chotafunatafuna.

Koma lero chinsalu chafupika.
Mai Rusere adulako mkono wathunthu,
akuti mwana wawo abatizidwa Lamulungu.
Mawu onse akugwera pansi,
m'fumbi, m'mitu ya ana,
chilembo china chatera pamsana pa galu
ndipo galuyo wapita nacho.

Ndiye ndikungopeka.
Mayi akatsegula pakamwa ndimupatsa dandaulo,
mwana akaloza kumwamba ndimupatsa mvula.
Palibe wandigwira.

Kenaka mnyamata wamanga katundu pakavalo,
bambo ake aima pakhomo la hema, chipewa m'manja.
Mnyamata wayankhula osatembenuka.
Ine: akuti musadandaule, ndibwera udzu usanaume.

Bodza, atero a Jailosi Kamtengeni.
Sananene choncho.

Mwachimvera kuti chiyankhulo chawochi, madala?

Taona manjawo, iwe.
Akumanga mfundo yomwe wamanga kale.
Wobwerera samanga kawiri.
Ameneyo akufunsa kanthu kachabechabe,
kaya ngati atseka khola, kaya mpeni ausiya pati.
Ine pa Balaka, sitima italira kale,
ndinafunsa bambo anga ngati njinga aipopa.
Anati eya.
Ndiwo mawu athu omaliza amenewo.

Benchi yonse zii.
Pachinsalu kavalo akuchepa, akuchepa,
wasanduka nyerere pa udzu.

Kuchokera pamenepo andilanda ntchito.
Che Mbwana atenga bambo wa chipewa,
a Likongwe atenga mayi, mawu aakazi ndi mano awo atatu,
akukangana ngati kalata ija inali ndi ndalama
kapena moni yekha.
Amayi a kumbuyo akuti titi, akuti chiyani achimwenewa?
Mdzukulu wina akuwatembenuzira m'Chishona,
nayenso akuwonjezera zake.
Filimu imodzi yadutsa m'milomo inayi,
yafika kumpanda itanenepa.

Mafuta atha mnyamata asanafike kutauni.
Chinsalu chabwerera kukhala chinsalu,
chili ndi kadontho ka dzimbiri pakona.
Ana akuwomba m'manja, kuwombera mdima.

Tarisai akupinda zingwe, wandiitana:
bwera uone pakompyuta zomwe ananenadi.
Ndaima kumbuyo kwake, chala chake chili kale pabatani.
Ndati ayi, ndichedwa, madala alibe tochi.

Panjira a Kamtengeni andigwira chigongono,
tikulambalala madzi a paipi yophulika,
makombi omaliza akuitanira a ku Tafara.
Sabata yamawa tikupita kuti?
Ku Brazil, madala.
Kuli masitima?
Kaya.
Ayenda pang'ono, aima, apuma.
Umuuze mtsikana uja
asakafune china chachitali.
Abwere nacho chomwechi.